Ndinachoka, koma sanandiitane

Kuno ku Chiradzulu palibe amene anandigonjetsapo pa nkhani yonenerera. Mbuzi za ku Mikolongwe, nyemba za ku Ndunde, ngakhale kabaza wa pa Mbombwe, zonse ndimatenga pa mtengo wanga. Chida changa n'chimodzi. Wogulitsa akauma mutu, ndimatembenuka n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono. Sindifika patali, mawu amanditsatira: "Tabwerani bambo, tikambirane."

Nzeru yomweyi ndinapita nayo pabwalo la tchalitchi sabata yathayi. Kunabwera anthu a kafukufuku ochokera ku chipatala chachikulu cha m'tauni, chimene chimaphunzitsanso madokotala. Ankafuna anthu a msinkhu wathu oti aziwayeza kuthamanga kwa magazi mwezi ndi mwezi, kuti aone njira yabwino yothandizira odwala BP kumudzi konkuno.

Anandikokera kumeneko ndi akazi anga, a Nagama. Mutu wakhala ukundiwawa chikololereni, ndipo bambo anga anafa ziwalo asanafike zaka zimene ndili nazo inezi. Akazi angawo ankaona matenda. Ine ndinkaona kasitomala wobwera pa galimoto yoyera.

Ankatsogolera gululo ndi dokotala wachizimayi, wolankhula modekha. Nthawi yanga itakwana ndinamufunsa kumene zopezazo zimapita. Anati amazilemba m'magazini a madokotala, anzawo a mayiko ena amawerenga n'kumazitchula m'zolemba zawo, ndipo chipatala chawo chimadziwika chifukwa cha zimenezo. Anatinso njira zina zimene anamwino athu amatsata lero zinayamba choncho, ngakhale zimatenga zaka kuti zifike kuno. Ndinafunsa ngati dzina langa lidzaonekamo. Anati ayi, mayina amabisa.

"Ndiye mkono wanga, magazi anga, koma dzina papepalapo lanu?"

Anthu anaseka. Nayenso anaseka, n'kuvomera kuti funsolo ndi loona. Apa ndinadziwa kuti kasitomala wafewa. Ndinamuuza kuti aganizepo bwino, katundu wanga satuluka chabe. Iye anati chimene amabweza ndi thiransipoti basi, yofanana kwa aliyense, ndipo sangawonjezere chifukwa kumeneko kungakhale kugula munthu.

Ndinadzuka, n'kusasa fumbi pa buluku, n'kuyamba ulendo wanga uja.

"Zikomo bambo, ndi ufulu wanu. Muyende bwino," anatero, n'kuitana wotsatira.

Ndinachepetsa liwiro. Ndinaima pa mtengo wa mango ngati ndikuyang'ana maluwa ake. Ndinawerama kuti ndimange chingwe cha nsapato, kenako n'kukumbukira kuti ndavala patapata. Kumbuyo kunali zii. Ndinangozindikira ndafika pamsewu, wakabaza akundifunsa ngati ndikwere.

Madzulo a Nagama, amene iwo analembetsa m'kafukufukuyo, anandimasulira. Anthuwa lamulo lawo ndi loti munthu akakana samunyengerera, samuthamangira, samufunsanso chifukwa. Anawonjezera kuti ndikanamva ndekha zimenezi ndikanakhala kuti sindinali kalikiliki kukonza mtengo m'mutu.

Msika wotere sindinauonepo. Wogula akufuna katundu wako, wayenda mtunda, koma ukachoka amakufunira ulendo wabwino.

Tsono manyazi ndi anga, koma funso langa sindikulibweza. Boma lathu lino lafufuzidwa, inu mukudziwa. Galimoto zoyera taziona, magazi tapereka, mafunso tayankha mpaka a kuchipinda. Zipatala zazikulu zimanyadira kuchuluka kwa zimene zalemba, ndi kuti akatswiri angati akunja azitchula. Zabwino. Koma alipo amene amawerenga kuti ndi angati anabwerera pabwalo pamene anatengapo magazi, n'kutiuza m'Chinyanja chathu kuti tinapeza chakuti? Ena amabweradi. Ena timangomva kuti anapita kukalankhula za ife ku msonkhano kunja.

Komanso tisanamizane. Mankhwala amene abale athu ambiri akumwa n'kukhala ndi moyo mpaka lero sanagwe kumwamba. Alipo anthu, kuno kapena kwina, amene anatambasula mkono osadziwa ngati phindu lidzawapeza iwo eni. Akanakhala onse ochenjera ngati ine, bwenzi tikumwa chiyani?

Lachisanu mutu unandikulira, ndinataya manyazi n'kubwerera pabwalo paja. Ndinapeza chiwerengero chimene ankafuna chakwana. Dokotala uja sanandinyoze. Anandiuza kuti kusalowa m'kafukufuku sikuletsa munthu kuthandizidwa, ndipite kuchipatala chathu tsiku lomwelo, ndisadikire. Ndinapita, n'kukhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Namwino atandiyeza anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati ndabwera ndi munthu wondiperekeza. Panopa ndili pa mapiritsi, ndipo mchere m'nyumba muno aubisa.

A Nagama aziyezedwa mwezi ndi mwezi pafupi pompano, ndipo tsiku lina adzakhala kanambala m'pepala limene iwo sadzaliwerenga. Ine palibe dokotala adzatchuke ndi magazi anga. Ndawasunga onse, ndipo akuthamanga kuposa a wina aliyense pamudzi pano.

Inu amene mumadziwa malonda, tandiuzani: pa msika umenewu anapambana ndani?