Thupi Limene Ndinabwera Nalo Kuchokera ku Joni

Maganizo opita ku Joni anandifikira ndili kumbuyo kwa mbuzi za amalume, dzuwa la ku Chapananga likundiphika pamutu. Ndinali nditayenda kuyambira mbandakucha kufunafuna madzi oti zimwe, ndipo ndinadzifunsa kuti kodi ine Dinala ndidzakalamba ndikutsata michira ya mbuzi za eni? China chinali Marita, mwana wa a Semba, Msena wa kwa Malemia amene anasamukira kwathu ndi ng'ombe zake. Kwa Asena mkazi satengedwa ndi mawu okoma okha, pamafunika malowolo, pamene ine ndinalibe ngakhale nkhuku. A Semba anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu nati, "Pitani mukagwire ntchito. Mwanayu ali pompano, sathawa." Sabata yotsatira ndinaika khadi la chipani ndi chiphaso cha msonkho m'thumba, ndinakalembetsa za ku migodi.

Kumeneko mwayi unandigwera. Anzanga onse amene ndinakwera nawo ndege anawatsitsira pansi kukaswa miyala, koma ine anandiika kukhitchini ya komboni. Pansi sindinalowepo ngakhale tsiku limodzi. Ntchito yanga inali kudula nyama ndi kutakasa nyemba m'miphika yoti munthu wamkulu n'kusambiramo. Tangoganizani, mnyamata amene nyama ankaiona pa Khirisimasi ndi pamaliro, tsopano mpeni uli m'manja mwake. Ndinadya, abale. Ndipo ndinene zoona, sikuti nthawi zonse inali njala. Lamlungu linali lalitali, chipinda chodzaza amuna olankhula zinenero zosamveka, ndipo kusungulumwa kukandigwira ndinkangopita kukatsegula mphika.

Chaka chisanathe khosi linasowa, chimimba chinatsogola. Ndinagula suti, ndinakajambulitsa, chithunzicho ndinachitumiza kumudzi pamodzi ndi kandalama ka amayi. Yankho la Marita, limene anamulembera mphunzitsi wa kwathu, linati: "Chithunzi chafika. Ababa achionetsa mudzi wonse. Akuti Joni yakuyanjani." Kalatayo ndinaiwerenga mpaka inang'ambika m'mapindo.

Amene anandichotsa ulemu wonsewo anali a Zuze, bambo wa ku Chiromo amene ankasonkhezera moto wa boyila. Anandipeza nditakhala pamasitepe, thumba la ufa lili pambali, ndili wefuwefu. "Mwana wa kuchigwa," anatero, "mwabwera kudzagwira ntchito kapena kudzasanduka mvuu?" Ndinapsa mtima, koma madzulo ake ndinawatsata kuseri kwa boyila kumene kunali kashedi konyamulirako zitsulo. Munali mateyala akale a ngolo za mumgodi ndi zitini zothiramo simenti. Mmenemo ndinapezamo anzanga, ndipo Lamlungu linayamba kufupika. Patatha zaka ziwiri chifuwa ndi mikono zinali zitakula moti malaya ankandithina m'mapewa, koma chimimba chija chinakana kusamuka.

Kenaka kunamveka za mpikisano wa makomboni. Kumeneko munthu sanyamula kanthu. Amangoima patsogolo pa anthu atavala kakabudula, atadzola mafuta, oweruza n'kumaona mnofu uliwonse paokha. Wamafuta m'thupi alibe mwayi, chifukwa mafuta amakwirira zonse zimene wavutikira. Ndinafunika kuumitsa thupi m'miyezi itatu, ndipo apa m'pamene m'shedi muja munabuka mkangano.

A Zuze ankati njira ndi imodzi: kudzuka m'mawa, m'mimba mulibe kanthu, n'kuyenda ola limodzi ndi theka, mayendedwe oti ungathe kucheza ndi mnzako popanda kubanika. Thabo, Msutu wina wa msinkhu wanga, ankaseka zimenezo. Iye ankati kuyenda n'kwa okalamba. Yake inali yothamanga ndi mphamvu zonse kukwera kaphiri ka kuseri kwa komboni, kutsika pang'onopang'ono, kukweranso, kakhumi basi, ntchito yatha.

"Taonani miyendo ya othamanga liwiro," ankatero Thabo, "muyerekeze ndi ya wopereka makalata."

"Kuthamanga si kufika," ankayankha a Zuze. "Miyendo yomweyo inyamule zitsulo madzulo, m'mawa ikwere phiri ndi liwiro, ipuma liti?"

Ine ndinasankha Thabo, ndipo sindinganame kuti ndinaganiza mozama. Ndinali nditayenda mokwanira pa moyo wanga. Munthu wokwera ndege kuthawa kuyenda, akafike ku Joni n'kuyambanso kuyenda wopanda ngakhale mbuzi patsogolo? Ndinaona ngati chipongwe.

Tsiku loyamba ndinasanza ulendo wachinayi. Koma chilungamo chake, liwiro linagwira ntchito. Lamba ndinaboola mabowo atsopano awiri, mitsempha inayamba kuonekera m'mikono. Vuto linali njala imene inkabwera pambuyo pake, komanso zitsulo zinayamba kundilemera. Kutatsala masabata atatu, ndili pakati pa phiri, ndinangomva kuti thapu kuseri kwa ntchafu ngati chingwe chaduka. Ndinagwa chafufumimba. Thabo ndi amene anandibereka kutsika nane.

A Zuze sananene kuti ndinakuuzani. Patapita masiku anayi anangofika m'mawa nati, "Tendeni, tikayende." Tinayamba kuzungulira mpanda wa komboni, ine ndikutsimphina, iwo akundifunsa za kumudzi kuti aone ngati ndikupuma bwino. Tinkakamba za masau, za mlatho wa ku Chiromo madzi akasefukira, za mapira akacha mbalame n'kumavuta. Mafuta otsala aja anachoka mwakachetechete. Mpaka lero anyamata akandifunsa kuti chabwino n'chiti, ndimati liwiro limafulumira koma limalipiritsa, kuyenda kumachedwa koma ungakuchite tsiku ndi tsiku. Ndimawauzanso kuti a Zuze anandilanda buledi ndi shuga, mwina ngwazi yeniyeni inali imeneyo.

Pampikisano ndinakhala wachitatu, anandipatsa thaulo ndi kakapu konyezimira. Anandijambulanso, koma chithunzi chimenecho sindinatumize. Ndikanayamba bwanji kutumizira apongozi chithunzi ndili chimbulanda, kakabudula kokha, thupi lili phuliphuli ndi mafuta? Ndiye kumudzi anapitiriza kudikira munthu wonenepa wa m'suti uja.

Ndinafika kwathu mwezi wa Okutobala, nditavala suti yomwe ija, ikungolendewera m'chiuno. Amayi anayamba nthungululu ali patali, koma atayandikira inathera pakhosi. Anandigwira masaya olowa m'katiwo nafunsa motsitsa mawu, "Kodi mumatsokomola?" Ndinaseka. Ndinavula jekete kuti aone mikono, koma iwo anangoona mitsempha ili toto, nayamba kupukuta misozi. Kwa a Semba mphasa anandiyalira kutali ndi khonde, ndipo Marita sanaloledwe kundipatsa madzi. Ankhoswe anga atapita kukanena kuti ng'ombe zamalowolo zapezeka, anabwerera ndi mawu atatu: "Tiyambe taona kaye."

Ndinakwiya kwambiri. Zaka zinayi ndikuwerenga masiku, lero andione ngati wakhate? Apa m'pamene ndinachita chinthu chopusa kuposa zonse pa moyo wanga. Ndinati ndiwaonetse mphamvu. Ntchafu inali itapola, choncho ndinapita pamchenga wa mtsinje wa Mwanza, nthawi imene azimayi amafukula madzi, ndinayamba liwiro langa lija. Uku ndi uku, kakhumi, m'dzuwa la kuchigwa kuno. Nditamaliza ndinawerama manja ali m'mawondo, chifuwa chikulira ngati mvukuto, ndinatsokomola fumbi n'kulavula. Nditadzutsa mutu azimayi onse anali atasenza ndowa zawo, ena zosadzaza. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti Dinala wabwera ndi chifuwa cha ku mgodi, ndiponso mutu sukuyenda bwino, akuthawa chinthu chimene ena sakuchiona.

M'mawa mwake Marita anandidikirira panjira ya kudimba, anaima patali pang'ono. Anandiuza zimene sanandilembere m'kalata, chifukwa munthu wa kutali salemberedwa za maliro. Ine ndili ku Joni, mkulu wake anakwatiwa ndi mwamuna wochokera ku migodi, wobwera ndi njinga ndi wailesi, koma woonda. Chaka chisanathe mwamunayo anamuika m'manda, kamwana kawo kanatsatira. "A Dinala, ine sindikukukanani," anatero akulira. "Koma mlamu wanga anabweranso chonchi. Ababa akuti sakumbanso manda ena." Mkwiyo wonse unandithera, m'malo mwake munalowa mantha. Ndinaona kuti mkaziyu ndimutaya chifukwa cha thupi limene ndinalivutikira.

Ndinatumiza mawu kuti ndinali wa kukhitchini, kuti ndili wokonzeka kupita kuchipatala kukatenga pepala losonyeza kuti sindikudwala. A Semba anayankha kuti pepala silipuma. Patatha sabata anatumiza awo mawu: ali ndi ng'ombe ziwiri zoti akagulitse kumsika wa kufupi ndi Nchalo, kumene a mabutchala ogulitsa nyama kwa odula nzimbe amagula, ndiye ndikawathandize kukusa. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu.

Tinanyamuka tambala atalira kachiwiri. Ine anandiika pafupi ndi ng'ombe, iwo anatsalira kumbuyo kwanga masitepe atatu, ndipo sanasinthe malo amenewo tsiku lonse. Mafunso okhaokha. Ndege imanjenjemera? Azungu a kumeneko amadya chiyani? Nyemba za anthu ochuluka chotero mumathira mchere wochuluka bwanji? Ndikangotseka pakamwa, funso lina. Poyamba ndinayesa kuti mkuluyu wayamba kundikonda. Dzuwa litakwera m'pamene ndinazindikira kuti mayankho anga alibe nawo ntchito. Ankamvetsera mmene ndikupumira.

Thupi langa lonse linkafuna kufulumira kuti zithe, koma ndinagwira mayendedwe a a Zuze aja, osathamangira ng'ombe ikapatuka, kungoikuwira. Nsapato za ku Joni zinandisupula zidendene mpaka ndinazivula n'kuzikoleka m'khosi. Minofu imene inandipatsa kakapu inangokhala katundu wolemera. Mkulu wa imvi uja, miyendo ngati ndodo, sanapemphe kupuma ngakhale kamodzi, ndipo ndinachita manyazi pokumbukira mmene ndinkanyozera kuyenda. Dzuwa litapendeka tinadutsa pa mlambe wina waukulu wa m'mbali mwa njira. Pamenepo mafunso anaima. Ndinacheuka, ndinawaona ataima akuyang'ana mtengowo. "Pitirizani," anatero, "ndikubwera."

Tinafika dzuwa likulowa. Titatsekera ng'ombe m'khola la pamsika ndinadzigwetsa pansi nditatopa zedi, koma chifuwa chili zii. A Semba anakhala pambali panga, pafupi kwenikweni, mapewa kukhudzana. Anayamba kufikisa fodya m'dzanja.

"Mwamuna wa mwana wanga wamkulu ndinayenda nayenso njira yomweyi," anatero. "Anathera pa mlambe uja. Anakhala pansi, anatsokomola, anakwirira ndi phazi zimene analavula. Ine ndinaona. Koma ng'ombe zake zinali kale m'khola mwanga, ndiye ndinayang'ana kumbali." Anayang'ana kukhola. "Mdzukulu wanga uja ndinamuika ndi manja angawa."

Masiku onsewo ndinkayesa kuti kwathu andinyoza chifukwa sadziwa za minofu ndi mipikisano, anthu otsalira. Chikhalirecho ankadziwa chinthu chimene ine wa kukhitchini ndinali ndisanachionepo: mmene amuna oonda amabwerera kuchokera ku Joni ndi masutikesi odzaza, n'kudzafera m'manja mwa akazi awo. Sanali kundida ayi, ankaopa.

A Semba anafwenkha fodya wawo, anayetsemula, napukuta m'maso ngati ndi fodyayo wawaliza. "Tsiku lonse ndakhala ndikudikira chifuwa, nkhabe, sindinachimve. Pyadidi, zili bwino." Kenaka anandimenya pantchafu, pomwe paja panaduka. "Zothamanga pamchenga zija musiye, mukuopseza azimayi. Tikafika kumudzi muwauze ankhoswe anu abwere, mkamwini."

Aka kanali koyamba kunditchula choncho. Ndinaweramitsa mutu pakati pa mawondo, ine mwamuna wonyamula mateyala a ngolo, ndinalira ngati mwana, ndipo iwo anandisiya ndilire.