Basi Ikudikira, Wendell

Aliyense amene anakulira kumpoto kwa tauni yathu ya Tolman anakwerapo basi ya Mayi Darlene Pelkey, ndipo aliyense anakalipidwapo. Zaka makumi atatu ndi zinayi akuyendetsa basi yachikasu ya ana a sukulu, mayiwa sanagundepo ngakhale galu, komanso sanakhalepo chete ngakhale tsiku limodzi. Akangokweza maso pagalasi lalitali lija la pamwamba pa chiwongolero, mwana wa kumpando wakumbuyo ankalavula chingamu asanauzidwe. Anthu ankati pakamwa pawo m'polusa. Kunena zoona, mayiwa sankadziwa kupsatira mawu, ndipo sankafuna kuphunzira.

Lamulo la madalaivala limati ukafika pokwerera n'kupeza palibe mwana, uzipita. Mayi Pelkey lamuloli ankalidziwa bwino, ndipo ankaliphwanya m'mawa uliwonse pamapeto pa msewu wafumbi wa kwa a Haskell. Panyumbapo bambo anali chidakwa, mayi ankachoka m'bandakucha kupita kufakitale, choncho mwana wawo Wendell ankadzidzutsa yekha, tsiku lina osadzuka n'komwe. Mayi Pelkey ankaimitsa basi, kutsegula chitseko, mphepo yachisanu n'kumalowa ana onse akudandaula, kenako ankakuwa kuti, "Basi ikudikira, Wendell!" Iye ankatulukira akuthamanga pa chipale chofewa, nsapato zili m'manja. Zinayenda choncho zaka zisanu ndi chimodzi. Wendell uja anakula, anatsegula sitolo ya zipangizo zomangira, kenako tinamusankha kukhala phungu wathu ku Nyumba ya Malamulo.

Mwana wamkazi wa Mayi Pelkey atamwalira, anasiya kamtsikana ka zaka zitatu, Tessa. Agogo anakatenga tsiku la maliro lomwelo, ndipo palibe anatsutsa, poti bambo ake anali atasowa kalekale. Tessa atakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu, bambo uja anatulukira ndi mkazi watsopano, loya wa nsapato zonyezimira, ndi chikalata chopempha khothi kuti atenge mwana apite naye kutali kumadzulo. Mwanayo sankamudziwa ngakhale nkhope.

Ulendo woyamba Mayi Pelkey anapita kukhothi okha, mapepala ali m'chitini cha mabisiketi. Ankaona ngati munthu wonena zoona safuna womuyankhulira. Anadula woweruza mawu katatu, anauza loya uja kuti ndi wabodza, ndipo chikalata chimene chinkafunika kwenikweni anali asanachilembe, chifukwa palibe anawauza kuti chiliko. Woweruza anali munthu wofatsa. Anaimitsa mlandu mpaka Ogasiti n'kuwauza kuti akadzabweranso okha adzaluza mwana. Tsiku limenelo mayiwa analira m'galimoto, chinthu chimene sanachite ngakhale kumanda.

Malipiro a dalaivala wa basi salemba loya. Amene anawathandiza ndi a ofesi ya maloya aulere, aja boma limawalipira kuti aziimira anthu osowa. Anawapatsa Renee Soucy, mtsikana wowonda amene ankadya nkhomaliro ataimirira chifukwa cha kuchuluka kwa milandu. Renee anakhuthula chitini chija, anasanja mapepala, anapeza aphunzitsi ndi dokotala oti adzachitire umboni, kenako anawauza kuti ntchito yawo m'khothi idzakhala imodzi yokha: kutseka pakamwa. Mayi Pelkey anamukonda kuyambira pomwepo.

Mu Meyi Renee anaimba foni mawu ali pansi. Aphungu anali ndi bilu yochepetsa ntchito ya maloya aulere. Ikadutsa, kuyambira pa 1 Julayi azidzangoimira anthu ozengedwa milandu yaupandu. Milandu ya ana ndi ya anthu othamangitsidwa m'nyumba za lendi idzasiyidwa, ndi wa Tessa womwe. Voti inali Lachinayi.

"Ndiye kuti nditaba galimoto ungandiimire," anatero Mayi Pelkey, "koma poti ndikulera mdzukulu, ayi?"

Renee anati ndi momwemo.

Lachinayi atatsitsa ana kusukulu, anakwera kagalimoto kawo kokalamba n'kuyenda maola awiri kupita kulikulu, jekete yonyezimira yakuntchito ili m'thupi. Ku Nyumba ya Malamulo kuli mwambo wakale: munthu wamba salowa m'chipinda cha aphungu, koma amapempha kapepala kwa mlonda wa pakhomo, kulembapo dzina la phungu wake ndi nkhani yake, mlondayo n'kukapereka. Phungu akafuna amatuluka, akapanda kufuna amakapinda n'kukaika m'thumba. Pakhomopo panali amuna a masuti, aja ntchito yawo ndi kunyengerera aphungu, akudzaza timapepala tawo mbali zonse ziwiri. Mayi Pelkey analemba mawu atatu okha, aja ankakuwa pamsewu wafumbi uja.

Mlonda, mkulu wa ndevu zoyera, anakayang'ana kapepalako n'kuwafunsa ngati sanaiwale kulemba nambala ya bilu. Iwo anati akapereke momwemo.

Sipanathe mphindi ziwiri Wendell Haskell anatuluka, dazi likuwala, tayi itapendekera.

"Lero wavala nsapato," anatero Mayi Pelkey.

"Mayi Pelkey, inu simudzasintha." Anaseka, koma maso ali pansi.

Anawakokera pambali n'kuyamba kufotokoza. Nkhani ya Tessa ankaidziwa, ndipo inkamuwawa. Koma chipani chinali chitagwirizana kale, thumba la boma linali lopereweza, ndipo iye anali atalonjezedwa kuti akavota ndi anzake, mlatho wa ku Tolman, uja basi imadutsapo mtima uli m'mwamba, udzakonzedwa chaka chomwecho. Anayankhula bwino ndithu. Mayi Pelkey anamvetsera mpaka kumapeto, chinthu chachilendo kwa iwo.

"Wamaliza? Mlathowo ndimawoloka ndine, kanayi patsiku, ndipo ndipitiriza kuwoloka. Tamvera, Wendell. Sindinabwere kuti undithokoze. Lamulo linkati ndizikusiya, ine ndinkadikira chifukwa unali mwana ndipo panalibe wina wokudikira. Tessa alibe wina womuyankhulira m'khothi muja. Ine ndinayesa, ndinangoipitsa. Ukamuchotsera Renee, wamusiya pamsewu."

Belu loitana aphungu linalira. Wendell anatembenuka n'kulowa.

Mayi Pelkey anakwera masitepe kupita kumipando ya anthu oonerera. Pakhoma pali bolodi lalikulu la mayina a aphungu onse, ndipo aliyense akadina batani, pa dzina lake pamayaka getsi: lobiriwira kuvomereza, lofiira kukana. Magetsi anayaka mbali zonse, koma pa dzina la Haskell panali mdima. Mayiwa anagwira chitsulo cha kutsogolo kwawo ngati chiwongolero pamsewu woterera. Sipikala atatsala pang'ono kutseka voti, getsi lofiira linayaka.

Koma bilu inadutsabe, 76 kwa 71.

Wendell anawapeza pansi pa masitepe akumanga zipi ya jekete mwaukali. Anati mlatho uja wautaya, ndipo biluyo sanaiimitse. Chotsala chinali nyumba yachiwiri, ya maseneta, imene idzavote Lachitatu likubwerali, koma kumeneko iye analibe mawu, ndipo mwa maseneta 35 aja panalibe ngakhale mmodzi wa ku Tolman.

Mayi Pelkey anaima, dzanja lili pa zipi.

"Onsewo kusukulu ankapita wapansi?"

Anathamanga kukatenga ana masana, ndipo madzulo, Tessa akulemba za kusukulu patebulo la kukhitchini, iwo anatulutsa kabuku ka manambala a foni. Madalaivala a mabasi a sukulu a m'chigawo chathu chonse amakumana chaka chilichonse pa maphunziro a mabuleki ndi chithandizo choyamba, ndipo amadziwana mpaka matenda a nyamakazi. Funso linali limodzi: seneta wakuti ankakwera basi ya ndani? Ena oyendetsawo anali atamwalira. Ena anati iwo za ndale ayi. Mkulu wina wopuma pantchito anati seneta wake anali mwana wamwano kwambiri amene anamunyamulapo, ndipo wakhala akufuna mpata womuuza zimenezi kwa zaka makumi anayi. Tessa anafunsa ngati adzapita kumadzulo kuja. Agogo ake anamuuza kuti iwo sanatope, apitirize masamu.

Lachitatu pakhomo la maseneta panaima madalaivala khumi ndi asanu ndi anayi, ena a majekete onyezimira, wina pa ndodo, wina atanyamula madonasi a gulu lonse. Timapepala tinatha, mlonda anachita kukabwereka kwa mnzake wa ndevu uja. Amuna a masuti anasunthira kukhoma. Maseneta ankatuluka mmodzimmodzi, n'kupeza munthu amene amadziwa kuti ankasanza m'basi, kapena kuti ankabwera wopanda chakudya chamasana, akuwaitana dzina la paubwana. Si onse anasintha maganizo. Wamwano uja anavota monga ankafunira poyamba. Koma okwanira anasintha, ndipo bilu inabwerera itakonzedwa: milandu ya ana inatsala m'manja mwa maloya aulere. Ya anthu othamangitsidwa m'nyumba inachotsedwabe. Zimenezi Mayi Pelkey zimawapsetsa mtima mpaka lero, ndipo kabuku kaja sanakabweze m'dirowa.

Mu Ogasiti woweruza anafunsa kuti akuyankhulira Mayi Pelkey ndani. Iwo anayamba kudzuka mwachizolowezi, Renee anawagwira chigongono, n'kuimirira yekha. Mayiwa anakhala phee ola limodzi ndi theka, ngakhale pamene loya wa nsapato zonyezimira ananena kuti ndi okalamba kwambiri moti sangalere mwana. Kwathu kuno ena sakhulupirirabe. Woweruza anagamula kuti bambo uja azibwera kudzaona mwana kuti adziwane, koma Tessa azikhala kwa agogo ake.

Tsiku lotsegulira sukulu basi inawoloka mlatho uja pang'onopang'ono, matabwa akulira monga kale. Tessa anakhala pampando wa kumbuyo kwa dalaivala, akutafuna chingamu poyera. Agogo ake anakweza maso pagalasi, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumusiya.