Khadi Lachiwiri Limaona Zonse

Ndinanama, ndipo bodzalo lakula. Kunyumba kwa achemwali anga ku Chibavi ndinaika makhadi awiri a netiweki mu kompyuta yakale, lina lolandira intaneti, lina loigawira nyumba yonse. Alamu atafunsa ntchito ya lachiwirilo, ine pofuna kuti asamamalize bandulo ndinati, "Limeneli limandionetsa zonse zimene mumatsegula pafoni."

Sindiona kalikonse. Koma kuyambira tsikulo alamu amandipatsa moni atagwada, ndikulumbira. Ngakhale galu wawo amandilambalala.

Dzulo achemwali anandipeza ndili ndekha, natseka chitseko.

"Yewo chomene, achimwene," anandithokoza motsitsa mawu. "Mawa mundionetse zonse za alamu anu. Ankhoswe ndawaitana kale."