Chotupa cha pachiwindi cha mwana wanga

Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ku Mauwa. Matenda a mwana wanga wamkazi ndinawatulukira ndi tepi yoyezera. Anali ndi zaka zinayi. Diresi yomwe ndinamusokera pa Khirisimasi inayamba kumuthina pamimba pokha, mapewa ali momwemo. Ndinaikulitsa kawiri. Kachitatu ndinaitana amayi ake.

"Amake mwana, tamuonani uyu. Mimba yakulira mbali imodzi."

"Ndi mbatata, bambo. Akudya ngati munthu wamkulu," anatero akuseka. Koma atamugwira pansi pa nthiti za kumanja, kuseka kunatha.

Kuchipatala cha kwathu anatipatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Anamwa, mimba osaphwa. Ndiye tinamukweza pa njinga mpaka kuchipatala cha ku Nguludi. Kumeneko anamupaka mafuta ozizira n'kumuunika ndi makina, iye akungoseka kuti akumugirigisha. Mwanayo ataona chithunzi chotuwa pakanema anafunsa, "Adokotala, mbatata ija ndi imeneyo?"

Adokotala anaseka, kenako anatiuza modekha kuti pachiwindi pali chotupa. Anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre.

Uko anamutenga magazi, anamujambulanso, n'kutiuza kuti tibwere sabata yotsatira. Sabata imeneyo mutu sunkagwira. Ndinasoka malaya a munthu mkono wina mozondotsa, mwiniwake n'kungondiyang'ana.

Titabwerera, tinakumana ndi adokotala a ana, mayi wamfupi woyankhula mofulumira.

"Bambo, zonse zikuonetsa kuti si khansa. Chotupachi sichifalikira, ndipo n'chosowa kwambiri mwa ana. Koma chikukula, ndiye tichichotsa pamodzi ndi mbali ina ya chiwindi."

"Mukadula chiwindicho, mwana atsala ndi chiyani?" ndinafunsa.

"Chimaphukanso. Simunadulirepo nandolo inu?"

Amake mwana anaombera m'manja pomwepo, misozi ili mbwembwembwe.

Tsiku la opaleshoni analowa naye m'mawa. Ife tinakhala pabenchi mpaka dzuwa litapendeka, osadya kanthu. Mwana atatsitsimuka, mawu ake oyamba anali ofuna nthochi. Anamwino anati adikire kaye, iye n'kukwiya nawo tsiku lonse.

Atamasula bandeji, ndinawerama kuyang'anitsitsa ulusi umene anamusokera pamimba. Mzere unali woongoka, mipata yofanana.

"Mwasoka bwino, adokotala," ndinatero.

"Ndakhoza mayeso eti?" anayankha, wodi yonse n'kufa nako kuseka.

Chotupacho atachiyeza anatsimikiza kuti sichinali khansa. Patapita masabata awiri tinabwerera kumudzi pa minibasi, iye atakhala pawindo akuwerenga mbuzi.

Pano ali sitandade 3. Timapitabe kukamuunika nthawi ndi nthawi, ndipo chiwindi chinaphukadi. Amasewera fulaye mpaka kuitanidwa katatu. Mwezi wathawu aphunzitsi ake anandiimitsa pamsika kundifunsa ngati n'zoona kuti mwanayo analumidwa ndi ng'ona, chifukwa ndi zomwe wakhala akuuza kalasi yonse akamaonetsa chipsera chake.