Khadi la Nkhalamba Yokana Kutsika

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo ndizitchule nkhani isanayambe, chifukwa ku Kawale kuno alipo amene amati ndikamafotokoza ndimachulutsa mchere. Yoyamba ndi mayi a kunyumba kwanga, amene chikwatirane sananamepo, ngakhale pamene bodza likadandithandiza. Yachiwiri ndi mkulu wa mpingo wochokera kumpoto, amene tinkagawana naye mpopi ndi chingwe choyanikapo zovala. Yachitatu ndi wapolisi amene ankandifunsa mafunso. Ameneyo mukamupeza adzakana zonse, ndipo kukanako ndiye umboni wake. Maina sinditchula.

Anagogoda Lachinayi m'mawa, m'nyengo yozizira ya 1992, ine nditameta tsaya limodzi. Anali amuna atatu osavala yunifolomu. Anasiya wailesi, anasiya makina osokera, n'kunyamula makatoni anayi a nsapato amene anali pansi pa bedi.

Mkulu wa mpingo uja anatuluka ndi mswachi m'kamwa. "Adada, mwapalamula vichi?"

"Nthano," ndinatero.

Wamkulu wa apolisiwo anauza mayi a kunyumba kuti asadandaule. "Tikungokachezako pang'ono, Amayi. Abwera nkhomaliro isanapse." Iwo anangondiveka juzi ziwiri, ina pamwamba pa inzake. Nkhomaliroyo ndinaidya patapita miyezi khumi ndi itatu.

M'makatonimo munalibe nsapato. Munali makadi, ndipo kuti mumvetse ndiyambe ndafotokoza za ku Jeremani. Mpingo unanditumiza kumeneko ndili mnyamata kuti ndikaphunzire chilankhulo chaka chimodzi. Ndinakhalako zisanu ndi ziwiri, chifukwa ndinagwa m'manja mwa pulofesa wina wofufuza mawu akale a Chijeremani ndi nthano za anthu akumidzi. Munthuyo ankalondola liwu limodzi miyezi itatu, ngati mlenje pa mapazi a gwape, mpaka akalipeze m'buku lolembedwa pachikopa. Mkazi wake atamuchokera, iye anazindikira patatha milungu iwiri. Ndikulumbira. Lamulo lake linali limodzi: nthano iliyonse ikhale ndi khadi lake, ndipo pamwamba pa khadi ulembe dzina la wokuuza, mudzi wake ndi zaka zake. Ankati nthano yopanda dzina la mwini wake ndi katundu wakuba.

Nditabwerako ndinapeza kuti dziko lathu silikusowa tulo chifukwa cha Chijeremani chakale. Ndinalowa ntchito yomasulira mabuku a malangizo a mijigo. Loweruka ndinkayenda pa njinga ku Biwi, ku Chinsapo, ku Mgona, kutola nthano zathu kuti ndizifananitse ndi zakumeneko. Anthu ankanditcha a Jeremani. Lamulo la pulofesa ndinaliswa malo amodzi. Masiku amenewo ukatulutsa cholembera n'kufunsa munthu dzina, nthano inkathera pomwepo. Choncho pa khadi ndinkalemba nambala, dzinalo n'kulisunga m'mutu.

Kumidzi ya ku Jeremani amanena za chiwanda chimene chimadumphira pamsana pa munthu wapaulendo, n'kumalemera pamene iye akuyenda. Tsiku lina ku Biwi, wokonza njinga wina wa pansi pa mtengo wa mango, bambo wa ana asanu ndi mmodzi, anandiuza nthano akumata chubu changa. Nkhalamba inapempha mnyamata kuti aiwolotse mtsinje. Atawoloka, inakana kutsika. Inati miyendo ya mnyamatayo tsopano ndi yake, ndipo azithokoza m'mawa uliwonse pomulola kuyendera. Ndinakondwa kwabasi. Ndinalemba khadi, nambala 212, ndi kalata yopita kwa pulofesa. Kalatayo inatsegulidwa panjira. Mu Lilongwe monse munali munthu mmodzi yekha amene sanaone kuti nthanoyo ingakhudze mkulu wa dziko, ndipo munthuyo ndinali ine, mwini madigiri awiri.

Chipinda chofunsira mafunso chinali ndi tebulo, mipando iwiri ndi kalaliki wa polisi wolemba chilichonse chimene chanenedwa. Wofunsayo anali wamkulu uja. Anayala khadi patebulo.

"A Pulofesa, 212 ameneyu ndani?"

"Ndi munthu, bwana."

"Tikudziwa kuti si mbuzi. Dzina."

Ndinamufotokozera kuti nthanoyi ndi yakale kuposa aliyense wa m'boma, ndiponso kuti Ajeremani anali nayo agogo a agogo athu asanabadwe. Ndinkaganiza kuti ndikudzipulumutsa.

"Lemba," anauza kalaliki. "Akuti Ajeremani nawo ali m'chiwembu."

Tsiku lachitatu anabweretsa anyamata awiri oti andithandize kukumbukira. Anagwira ntchito yawo mokhulupirika. Khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero, ndipo mano awiri ndinawasiya komweko.

Sindidzitama. Dzina lija linkafika palilime, makamaka akanditsimikizira kuti ndikangolitchula ndikagona kwathu. Ndinkaona ana aja asanu ndi mmodzi atakhala pa matayala akutha, ndipo ndinkadziwa kuti wokonza njinga akalowa m'chipinda chimenecho palibe kazembe wa dziko lililonse amene angamufunse. Ndiye ndinkadzaza m'kamwa ndi zina. Ndinkalakatula mndandanda wa mawu akale a Chijeremani amene pulofesa anandiloweza, a mkate, a chitsulo, a imfa, mokweza. Kalaliki analemba masamba atatu, n'kuwatumiza kwa akatswiri a zinsinsi. Ndikumva kuti akuwafufuzabe.

Kenaka ananditsekera. M'selo tinali ambiri moti kutembenuka kunkachitika mwa lamulo: nyapala, mkaidi wotiyang'anira, ankawomba m'manja, tonse n'kugonera mbali inayo. Chitini chodzithandiziramo chinali pakona. Nandolo amene ankatipatsa anali ndi anankafumbwe ochuluka kotero kuti mkaidi wina wa mpingo wa Sabata ankakana kudya, ati ndi nyama yosadziwika. Nsikidzi zinkasinthana mashifiti ndi nsabwe popanda kukangana. Anthu awiri anatuluka m'selomo atakulungidwa m'mabulangete, ndipo mabulangetewo anabwerera.

M'mwezi wachinayi anandiitananso. Kunali kotentha, wamkulu uja atamasula mabatani, akuoneka wotopa ndi ine. Anati masamba oyamba asochera, ndinenenso nthano yonse kuti kalaliki alembe. Ndinayamba. Nditafika pa mtsinje, anagwedeza mutu.

"Mukuiwononga, a Pulofesa. Palibe mtsinje pamenepo. Nkhalambayo inalasidwa ndi minga kuphazi."

"Minga, bwana?"

"Minga! Ndipo inu mwaisiya panjira. Mathero ake mulibe?"

"Amene anandiuza anathera pomwepo."

"Ndiye sadziwa nthano ameneyo." Anakankha mpando. "Mnyamata uja anafunda chiguduli kumutu, n'kudutsa pansi pa mng'oma wa njuchi, n'kuugunda ndi ndodo. Njuchitu zimayamba ndi wapamwamba! Nkhalamba phi! pansi, ikukuwa kuti mwana wosayamika!" Anaseka mpaka misozi.

Zaka zonsezo ndinali ndisanamvepo mathero amenewa, ku Jeremani kapena kuno. Ndinaiwala kuti ndili ndi maunyolo.

"Munaimva kwa ndani, bwana?"

"Kwa malume anga."

"Mudzi wake?"

Anautchula, ndi boma lomwe.

"Zaka zanu?"

"Makumi anayi ndi..."

Anaima. M'chipindamo munkamveka cholembera cha kalaliki chokha, chimene chinali chikumalizitsa mawu oti wosayamika. Kalalikiyo anali munthu wosamala ntchito.

Funso loyambalo ndinafunsa mwa chizolowezi basi. Koma zimene ndinanena pambuyo pake ndinazinena dala.

"Bwana, ndavomera. Ndipatseni pepala ndilembe onse amene anandiuzapo nthano imeneyi. Koma mwambo wa ntchito yathu sulola kusiya wina. Timalemba onse, kuyambira amene wanena posachedwa, ndipo timaonetsa amene anawonjezera njuchi."

Wamkulu uja anatenga buku la kalaliki, n'kung'amba tsambalo, n'kulitafuna. Analimeza. Anapempha madzi. Pa ichi ndikhoza kugwira Baibulo.

Sanandiitanenso. Sananditulutsenso. Anangondiiwala miyezi isanu ndi inayi, ndipo m'malo amenewo kuiwalidwa unali mwayi umene ena ankaupempherera.

Ananditulutsa mu 1993, referendamu itadutsa, popanda mlandu ndi popanda pepani. Pachipata anandibwezera lamba ndi katoni imodzi. Makatoni atatu enawo anati anadyedwa ndi chiswe. Kunyumba ndinapeza kalata ya pulofesa, pakuti mayi a kunyumba anali atamulembera zonse, ndi nthano yomwe. Anandipepesa m'mizere iwiri. Mzere wachitatu unali kufunsa chifukwa chimene khadi 212 lilibe dzina.

Anthu ankandifunsa kuti ufulu ndikuumva bwanji. Ena ankati ufulu ndi kulankhula mokweza m'basi. Kwa ine ndi kanthu kakang'ono: mzere wapamwamba pa khadi, pamene munthu angalembedwe dzina n'kugona kwake usiku womwewo. Ndinatsimikiza kuti makadi onse amene anadyedwa ndidzawalembanso, ndipo ndinayambira ku Biwi.

Wokonza njinga anali pansi pa mtengo womwe uja, akuviika chubu m'beseni. Atandiona anaimirira, n'kupukuta manja pa ovolosi nthawi yaitali.

"A Jeremani. Mwaondatu."

"Kunali kusala kudya kwa boma."

"Ndinamva." Anayang'ana m'besenimo. "Kachikwama kanga kanakhala kuseri kwa chitseko chaka chonse. Galimoto ikangoima, mayi a ana ankandipatsa juzi. Koma sanabwere."

"Sanabwere," ndinavomera.

Ndinatulutsa khadi latsopano ndi cholembera. Ndinamuuza kuti zinthu zasintha, ndipo ndikufuna kumubwezera katundu wake, dzina lake likhale pamwamba pa nthano yake. Analandira khadilo, n'kuliyang'ana mbali zonse ziwiri, n'kundibwezera lili ndi chidindo cha chala cha girisi.

"Siyani kaye nambala yomweyo, a Jeremani," anatero. "Tiyambe taona ngati nkhalamba ija yatsikadi, ndiponso ngati kutsidyako kulibe ina ikudikira kuwolotsedwa."