Tsiku Limene Ndinadula Chingwe cha Bambo

Mayi atamwalira ndinaitanitsa bambo kuti adzakhale nane ku Barking, mumzinda wa London, ndipo ndinkadziona ngati mwana wabwino. Ndinali namwino, wochoka m'mawa n'kubwera nditatheratu. Iwo ankatsala pampando wa pawindo, kuonerera sitima zikudutsa. Munthu amene anakulira m'bwato pa Shire, wotchuka ndi milamba kwathu ku Chikwawa, ndinamusandutsa katundu wosungitsa. Chakudya ankangochilawa, mpaka thalauza linayamba kukhwepa m'chiuno.

Amene anaona zimenezi anali mzungu wina wachikulire wa khomo loyandikana nafe, yemwe kale ankayendetsa basi. Chaka chilichonse ankapita ku Scotland kukawedza panyanja, osati kufuna ndiwo, koma kungosangalala. Anandiuza kuti titsagane naye. Nditawafotokozera bambo, anadzuka pampando paja n'kuyamba kufunsa za nsapato zawo.

Nyanja yake sinandisangalatse m'pang'ono pomwe. Madzi anali otuwa ngati phulusa, mphepo yolowa mpaka m'mafupa, ndipo boti litangochoka padoko mafunde anayamba kulikankha uku ndi uku. Mwini boti anatipatsa aliyense ndodo yowedzera yokhala ndi kawilo kokulungira chingwe. Bambo anaitembenuza uku ndi uku, n'kuitsamiritsa pakona.

"Zidole izi," anatero. "Nsomba umaimva ndi chala."

Kumbuyo kwa boti anapeza chingwe chokhuthala cha nayiloni ndi mbedza yaikulu. Anakolekapo kansomba kathunthu mwa timene anthu ena okwera nafe anali atagwira kale, n'kuponya. Mwini boti anaseka, koma anandiuza kuti ndiwachenjeze asakulunge chingwecho kudzanja, chifukwa m'madzi amenewo mumayenda zinthu zolemera kuposa munthu. Ndinawamasulira mawu onse.

"Umuuze kuti ine ndinayamba kuwedza iye asanamere mano."

Anachikulunga ndithu, monga ankachitira pa Shire. Nditabwerezanso, anandiyang'ana ndi diso lija limene linkatitontholetsa tili ana.

Panapita nthawi popanda kanthu. Kenaka ndinaona mkono wawo ukugwedera pang'ono, iwo n'kupendeketsa mutu ngati akumvetsera munthu wonong'ona. Chingwe chinakungika mwadzidzidzi, ndipo bambo anakokeka kuchokera pamene anakhala mpaka chifuwa chinagunda chitsulo cha m'mphepete mwa boti. Mnansi wathu uja anataya ndodo yake n'kuwagwira m'chiuno.

Ndinasuzumira m'madzi ndipo ndinachiona. Chinakwera pang'onopang'ono, chopanda changu, msana wakuda, mimba yoyera, kutalika kuposa chitseko. Chinapendekeka n'kutiyang'ana ndi diso lakuda bii, kenaka chipsepse chinang'amba madzi ndipo chinamiranso. Ng'ona ndinaziona ndili mwana, koma ng'ona imakhala ndi gombe limene ungathawireko. Apa panalibe kothawira.

"Shaki!" anakuwa mwini boti. Anathamangira kuchiwongolero kuti abweze boti m'mbuyo, chingwe chikhwepeko. Ali komweko anandikuwira kuti ndidule.

Ine maso anali padzanja. Chingwe chinali chitalowa m'mnofu, zala zitatupa, magazi akutsikira kuchigongono. Ntchito yanga ndimaidziwa. Ndinadziwa kuti chinsombacho chikangogwedeza mutu mwamphamvu, zala zipita, ndipo mapazi a mnansi wathu akaterereka, bambo apita onse. M'madzi ozizira chotero munthu wa msinkhu wawo sakhalitsa. Mpeni wodulira nyambo unali pabokosi pafupi ndi ine. Ndinautola.

"Usayerekeze!" anatero bambo.

"Bambo, dzanja likuduka!"

"Ndi langa. Chokapo iwe, yatsala pang'ono kutopa."

Chimene chinandiimitsa si mawuwo ayi, koma nkhope yawo. Ankaseka. Chimwalirireni mayi ndinali ndisanaone mano awo, koma apa anali onse pamtunda, maso akuwala, akulankhula ndi chinsombacho ngati mnzawo wakale. "Bwera kuno, bwera tionane." Ndinaima ndi mpeni m'manja, ndipo ndinawakwiyira kwambiri chifukwa chondiika pamalo otero.

Chingwe chinakhwepa pang'ono, iwo n'kukokapo mkono umodzi, akupuma mwabefu. Kenaka chinakungikanso, moti phazi lawo limodzi linachoka pansi. Mnansi wathu anafuula kuti bambo akumupulumuka. Ndinagwira dzanja la bambo, ndinaika mpeni pachingwe, ndipo sichinafune n'kucheka komwe. Chinangoti phwa! Amuna awiriwo anagwera chagada m'boti.

Ndinagwada n'kuyamba kumasula chingwe chotsala m'mnofu. Sanabuule, sanandiyang'anenso. Maso awo anali pamadzi.

Kuchipatala cha kufupi ndi doko anawasoka. Zala zonse zinapulumuka, kungoti chaching'ono sichinapindikenso. Ulendo wonse wobwerera ku London sanandilankhule. Mnansi wathu anayesa kuseketsa, kunena kuti anzake sadzakhulupirira, koma nkhani inafera m'malere.

Kunyumba ndinkatsuka bala lija ndikaweruka. Ankangotambasula dzanja pathebulo ngati wodwala wachilendo, ine n'kumamanga bandeji mtima ukundipweteka. Sindinapepese, chifukwa sindinkaona chimene ndinalakwa, ndipo mpaka lero sindichiona.

Tsiku limene ndinachotsa ulusi, anatambasula zala n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Unachita bwino, mwana wanga," anatero. "Dzanja ndili nalo."

Ndinapuma. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

"Koma ndikuuze. Chibwerereni kuno, aliyense amandisamala, amandidyetsa, amandifunditsa. Palibe chimene chinandikoka ngati ndine munthu wamphamvu, kupatula chinsomba chija." Anatembenukira kuwindo, kumene sitima inkadutsa. "Undifunire tikiti yobwerera kwathu. Bwato langa likuola."

Ndinayesa kuwanyengerera, ndinatchula za mankhwala awo, za ukalamba, za ng'ona za mu Shire. Anangondimvetsera mwaulemu. Mwezi wotsatira ndinawaperekeza kubwalo la ndege, ndipo anandibayibitsa ndi dzanja lomwelo, kachala kaja kali chiimire. Nditabwerera kunyumba ndinachotsa mpando pawindo paja.