Ndinachitira Umboni Jakisoni Ndisanachire

Inu owerenga, ine ndinachitira umboni chinthu chimene ndinali ndisanachione, ndipo mawu angawo anapweteketsa munthu.

Ndimasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Menlo Park, kuno kudziko la eni. Mayi akunyumba kwanga anatisiya kale, choncho tsiku limene ndinadzuka pakamwa patakhota panalibe wondiuza. Ndinazindikira tiyi akutayikira pamalaya. Diso lakumanja silinkatsekeka. Kuchipatala anati mtsempha woyendetsa nkhope wavulala. Anandipatsa mapiritsi ndi mankhwala odonthezera m'diso, nati ndidekhe chifukwa mitsempha imachira pang'onopang'ono.

Kudekhako kunandikanika. Ndine ndimawerenga Mawu kutchalitchi kwathu ku Sunnyside, ndipo milomo inkakana ngakhale kutchula "Ambuye".

Mnzanga wina ananditengera kufulati ya munthu wakwathu amene ankati amabaya masitemu selo, maselo amene akuti amakonza mtsempha woonongeka. Nditamufunsa kumene amawatenga anangoseka. "Abambo, mwabwerera kuchira kapena sukulu?" Asanandibaye patsaya anagwada n'kupemphera m'Chichewa. Pemphero limenelo ndi limene linanditseka pakamwa.

Lamulungu lotsatira, nkhope idakali yokhota, ndinaimirira pa nthawi ya maumboni n'kunena kuti ndachira ndi jakisoni wa munthu uja. Pajatu timaphunzitsana kuthokoza tisanalandire. Titaweruka anandipeza panja Amayi Nabanda, amene amachapa ndi kusita ku Lynnwood. Nkhope yawo inakhota atachitidwa opaleshoni ya chotupa pafupi ndi khutu.

"Akananena wina sindikanapita," anatero, "koma inu simunama."

Anapitadi kukabayitsa, nasiya mankhwala awo a m'diso monga anawauzira munthu uja. Tsaya linatupa mafinya, diso linauma mpaka kuchita chilonda. Lero diso limenelo siliona.

Ine nkhope inayamba kuwongoka patapita miyezi. Nditaulula kwa dokotala, anati mtsempha wachira wokha, ndipo za maselowo akatswiri akufufuzabe, si zobayana m'fulati. Chimene anatibaya sitikuchidziwa. Munthuyo anasamuka, ndipo mlandu wake ndausiyira Mulungu. Wanga ndiwo ndikuudziwa.

Inu owerenga, wokubayani akapemphera, nenani ameni, koma funso lanu mufunsebe. Musasiye mankhwala akuchipatala musanawafunse eni ake. Ndipo ngati anthu amakukhulupirirani, musanene kuti mwachira musanachire.

Amayi Nabanda anandikhululukira. Amakhala pabenchi yachiwiri, ndipo ndikamawerenga Mawu amatembenuza mutu wonse kuti andione.